Mawu akutsalira m'mbuyo mwa biti mu FL Studio, ndikakweza tempo akuphonya kiyi

kiki_ndi_sineya

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio 21 Producer Edition pa laputopu ya Windows ndi sound card ya USB. Woyimba anajambula mawu kusitudiyo ina akuyimbira pa biti ya MP3 yomwe anali nayo kale. Wanditumizira MP3 ija pamodzi ndi mafayilo asanu a WAV: lead imodzi (mawu otsogolera), ma double awiri (mawu omwewo oyimbidwanso kuti akhuthale) ndi ma backing awiri (mawu othandizira). Ntchito yanga ndi kumanga biti yatsopano pansi pa mawuwo.

Nditadina Detect tempo pa MP3 kuti ndidziwe liwiro lake, FL inanena kuti 102, kutanthauza kugunda ka 102 pa mphindi. Pulojekiti ndinaiyika pa 102 n'kumanga ng'oma, bass ndi ma chord.

Vuto loyamba ndi loti mawu amayamba bwinobwino, koma pofika cha pa bar 25 amakhala atatsalira ndi theka la kugunda, cha pa bar 50 atsalira ndi kugunda kwathunthu. Ndinawadula m'zidutswa n'kumakankha chilichonse kuti chigwere pamzere, koma chidutswa chikakhala chachitali, kumapeto kwake chimatsalirabe. Lead yokha ndinayesanso kuikoka kumapeto nditayatsa Stretch.

Chachiwiri, woyimba akufuna nyimboyi ithamangeko, ifike pa 108. Nditakweza tempo, FL inafunsa za restretch, kuti ikokenso mafayilo atsatire tempo yatsopano, ine n'kuvomera. Lead inasanduka yopyapyala ngati ya mwana ndipo sikugwirizananso ndi ma chord, pomwe ma backing sanasinthe kutalika ngakhale pang'ono, angobalalika.

Chachitatu, paliponse pomwe ndinadula pakumveka kaphokoso koti "tche", ndipo kakutuluka ngakhale mu fayilo ya export.

Ndiyambire pati?

mkulu_wa_mix

Achimwene, yambani ndi Ctrl+N kuti FL isunge kope latsopano, lakale likhale pambali. Kenako fufutani zidutswa zonse munadula zija, mulowetsenso mafayilo athunthu monga anabwerera. Kudula kuja sikunachiritse kanthu, kwangobisa pomwe vuto likuchokera.

Mawu akasemphana ndi biti, choyamba kufunsa ndi chakuti mpata wake ukukula kapena ayi. Ukakhala wofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndiye kuti fayilo yangoyikidwa pamalo olakwika kapena pali latency, kuchedwa kwa mawu podutsa mu sound card ndi kompyuta, ndipo mankhwala ake ndi kuisuntha kamodzi kokha. Ukamasinthasintha, apa atsogola apa atsalira, ndiye kuti oyimba kapena oyimba zida sankatsatira metronome, kachipangizo kogogoda kosunga tempo. Koma wanuwu ukukula mwandondomeko: theka pa bar 25, kwathunthu pa bar 50. Zikatero ndiye kuti tempo ya pulojekiti yanu si tempo yomwe woyimba ankamva m'mahedifoni.

Manambala mwaperekawo akuyankha kale. Ma bar 25 a 4/4, kugunda kanayi pa bar iliyonse, ndi kugunda ka 100. Kutsalira ndi theka pa kugunda ka 100 ndi theka la peresenti. Mukachotsa theka la peresenti pa 102 mupeza 101.49, kutanthauza kuti MP3 ija ikuyenda pa 101.5 kapena pafupi kwambiri ndi pamenepo. Detect tempo imangoyerekeza. Imathandiza kudziwa dera lomwe tempo ili, koma osaikhulupirira mpaka pa kadontho. Pa nyimbo zoyenda patatupatatu, za 6/8 kapena 12/8, zomwe kwathu kuno n'zambiri, imatha kusokonezeka kwambiri n'kukupatsani nambala ngati 152 kapena 68 m'malo mwa 101.5, chifukwa yawerenga kugunda kwina mkati mwa ng'omazo. Imathanso kupereka theka kapena kuwirikiza, 50.75 kapena 203, malinga ndi malire mwasankha pa kabokosi kake.

Yezani nokha motere. Tsegulani MP3 mu Edison, chida chokonzera mawu cha mu FL, kapena mu pulogalamu ya Audacity. Pezani kiki, ng'oma yaikulu ija, yomwe ikugwera pa kugunda koyamba kwa bar, pamalo pomwe ng'oma zalowa bwino, osati mu intro ya piyano yokha. Kulitsani mafunde mpaka muone pomwe kikiyo ikuyambira kutukuka, muyike chizindikiro. Werengani ma bar 32 kuchokera pamenepo, muyike chizindikiro china pa kiki yoyamba ya bar yotsatira. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: ngati munayamba kuwerenga pa bar 1, chizindikiro chachiwiri chikhale poyambira bar 33, osati 32. Pakati pa zizindikiro ziwirizo pali kugunda ka 128. Chulukitsani 128 ndi 60, mupeza 7680, ndiye mugawe ndi masekondi omwe pulogalamu ikuonetsa pa gawo mwasankhalo. Ikanakhala 102, gawolo likanatalika masekondi 75.29. Ikakhala 101.5, litalika masekondi 75.67.

Musayeze pa ma bar anayi okha pofuna kufulumira. Dzanja likaphonya ndi ms 10 pa ma bar anayi, omwe ndi masekondi 9.5 okha, tempo mupezayo iphonya ndi 0.1. Kuphonya komweko pa ma bar 32 kumangosuntha yankho ndi pafupifupi 0.01. Ndipo 0.1 si yaing'ono monga ikuonekera: pa nyimbo ya mphindi zitatu ndi theka, imafika ms 200 pomaliza, zomwe aliyense angamve ngakhale pa sipika ya foni. Mukatha, yezaninso gawo lina chakumapeto kwa nyimbo. Mayankho awiriwo akafanana, biti ija inapangidwa pa kompyuta ndipo tempo yake ndi imodzi. Akasiyana, mutiuze, chifukwa njira yake ikhala ina.

Mukapeza nambala, dinani ndi batani la kumanja la mausi pa tempo musankhe kulemba nokha. FL imalandira manambala atatu kumanja kwa kadontho, choncho 101.5 kapena 101.493 imalembeka. Ng'oma zanu, bass ndi ma chord, poti ndi ma pattern a MIDI, zitsatira zokha popanda kuwonongeka.

Tsopano kuyika mafayilo. Ikani MP3 ndi ma WAV asanu aja m'mizere yotsatizana mu Playlist, onse ayambire pamalo amodzi ndendende. Ngati situdiyo ija inatulutsa mafayilowo kuchokera poyambira penipeni pa session, agwirizana ndi MP3 popanda kuwakhudza. Asankheni onse asanu ndi limodzi pamodzi, gwirani Alt kuti snap isakukanizeni, muwasunthe ngati mtolo umodzi mpaka kiki yoyamba ya MP3 igwere pamzere wa bar. Ndi bwino kuyambira pa bar 3 kapena 5 kuti kumanzere kukhale malo a mpweya woyamba wa woyimba. Yatsani metronome, mumvetsere koyamba, pakati ndi kumapeto. Kiki ya MP3 ikamagwera pa metronome malo atatu onsewa, mwatha. MP3 musaifufute, ingoitsekani mawu, ikhale mboni yanu nthawi iliyonse mukakayika.

Za 108 musaziyambe izi zisanakhazikike.

mlongo_pa_fader

Zomwe anena akuluwa n'zoona, ine ndingotenga funso lachiwiri, poti zomwe zinachitikira lead ndi ma backing zili ndi chifukwa chimodzi.

Dinani kawiri pa audio clip iliyonse, mutsegula Channel settings yake. Pali gawo lolembedwa Time stretching, lomwe lili ndi ma knob a Pitch, Mul ndi Time, ndi kabokosi ka Mode. Knob ya Time ikakhala pa none, FL imaimba fayiloyo pa liwiro lake lachibadwa, tempo ikwere kapena itsike. Chomwe chimamangiriridwa ku bar ndi poyambira pa clip pokha. N'chifukwa chake ma backing anabalalika: mizere ya ma bar inayandikana pa 108, zidutswa zinasuntha nayo, koma mkati mwa chidutswa chilichonse mawu anapitiriza kuyenda pa 101.5.

Lead ndi yosiyana chifukwa munaikoka Stretch ili yoyaka. Mutangotero, knob ya Time inachoka pa none n'kulandira kutalika kowerengedwa m'ma bar. Kuyambira pamenepo, tempo ikasintha, FL imaifinya kapena kuitambasula kuti ikwane m'ma bar omwewo. Momwe imachitira zimenezo zimadalira Mode, ndipo yanu iyenera kuti ili pa Resample. Resample imagwira ntchito ngati kaseti yothamangitsidwa: liwiro likakwera, mawu amakweranso. Kuchoka pa 102 kufika pa 108 ndi kuthamanga ndi 5.9 peresenti, komwe kumakweza mawu ndi pafupifupi semitone yathunthu. Nyimbo ya mu G woyimba wanu anayamba kuiyimba cha mu G sharp, ma chord ali mu G. Kupyapyala kuja ndi chifukwa chakuti ma formant, omwe ndi maonekedwe a pakhosi ndi pakamwa pa munthu, anakwerera limodzi. Ngakhale kukoka pang'ono kuja, kwa theka la peresenti, kunakweza lead ndi ma cent 8 kapena 9 (semitone imodzi ili ndi ma cent 100). Payokha simungamve, koma ikaphatikizidwa ndi ma double osakokedwa imamveka ikunjenjemera.

Konzani motere, achimwene, ndipo musasinthe ndondomeko yake.

Pulojekiti ili pa 101.5, mafayilo onse ali athunthu osadulidwa, tsegulani iliyonse muone kuti Time ili pa none, Pitch ndi Mul zili pakati. Samalani pano: kufufuta clip mu Playlist sikufufuta channel yake mu Channel rack, choncho mukatenganso lead yakale ija ibwera ndi Time yake yolakwika. Dinani kumanja pa knob ya Time musankhe none, kapena fufutani channel yonseyo mulowetse fayilo mwatsopano. Zimitsaninso Stretch ya mu Playlist, Shift+M ndiyo imayatsa ndi kuzimitsa, kuti musakokenso china mwangozi.

Mukatsimikiza kuti zonse zikugwirizana ndi metronome, sinthani Mode kaye. Lead ndi ma double, poti muli liwu limodzi mu fayilo iliyonse, ikani e3 Mono. Ma backing, ngati mu fayilo imodzi muli mawu angapo oyimba mogwirizana, ikani e3 Generic. MP3 ya mboni ija e3 Generic kapena Stretch. Ma e3 awa ndi élastique ya kampani ya zplane, yomwenso imapezeka mu Cubase ndi mu Ableton Live, ndipo amasintha kutalika osakhudza kiyi. Kenako dinani kumanja pa Time ya fayilo iliyonse musankhe Project tempo. Potero mukuuza FL kuti fayilo iyi liwiro lake lenileni ndi la pulojekiti panopa, 101.5. Chitani zimenezi pa mafayilo onse asanu ndi limodzi, osasiya ngakhale imodzi. Mukatha, ndi pomwe mukweze tempo kufika 108 n'kuvomera restretch. Dikirani pang'ono, ma e3 amawerengedwa kaye asanaimbidwe.

Ngati nyimboyi mudzafuna ikhale ndi tempo yosintha pakati, ya automation clip, ma e3 sadzatsatira, chifukwa amawerengedwa kamodzi pa tempo imodzi. Pamenepo pamafunika Mode ya Stretch, yomwe imagwira nyimbo ikuimba. Pa tempo yokhazikika ngati yanuyi, e3 Mono imasunga liwu bwino kuposa.

Kunena mosabisa, kuchoka pa 101.5 kufika pa 108 ndi 6.4 peresenti, ndipo pa mawu a munthu pamenepo ndi m'malire. Ine ndimaona kuti mpaka 5 peresenti ambiri sazindikira, kupitirira 10 peresenti liwu limayamba kumveka ngati lili m'chitini. Mvetserani lead payokha m'mahedifoni, makamaka zilembo za s, z, sh ndi ts, manotsi aataliatali, ndi popumira. Vibrato imathamanganso ndi 6.4 peresenti yomweyo, ndipo mpweya umafupika, choncho woyimba wodekha amatha kumveka ngati akuthamangitsidwa. Mukaona kuti sizikukoma, muyeseni pa 105, yomwe ndi 3.4 peresenti yokha. Akakana, njira yoyera ndi kujambulanso lead pa biti yanu yatsopano pa 108, ma backing okha ndiwo akhale okokedwa, poti amakhala pansi mu mix.

Ngati mafayilo anabwera ndi reverb kapena delay kale, pemphani ena ouma. Reverb ikakokedwa imachita matope, ndipo e3 Mono imasokonezeka nayo chifukwa mu fayilomo simulinso liwu limodzi. Delay yanu nayo muiyang'ane: ikakhala yolumikizidwa ku tempo itsatira yokha, koma ngati munailemba m'ma ms muwerengenso. Gawani 60000 ndi tempo. Pa 101.5 kugunda kumodzi ndi ms 591, pa 108 ndi ms 556, theka lake ms 278.

Kudula kulikonse, kuchotsa phokoso pakati pa mizere, kusuntha mawu amodziamodzi, zonsezo zibwere mukakhazikika pa tempo yomaliza.

kiki_ndi_sineya

Zikomo kwambiri akulu ndi achemwali. Ndayeza mu Audacity, ma bar 32 atalika masekondi 75.67, ndipo chakumapeto ndapeza chimodzimodzi. Ndayika 101.5, ndabwezeretsa mafayilo athunthu, ndachita za Project tempo ndi e3 Mono, tagwirizana ndi woyimba pa 105. Kutsalira kokulirakulira kuja kwatha ndipo kiyi yabwerera.

Chatsala ndi ichi: mawu onse akumveka ochedwa pang'ono kwambiri, mofanana nyimbo yonse. Ndikawasuntha nditagwira Alt, akudumpha timasitepe, sakuima pomwe ndikufuna. Ndaonanso kuti ma WAV aja ndi a 48 kHz pomwe pulojekiti yanga ili pa 44.1 kHz. Kodi chimenechi ndicho chikuchedwetsa? Kaphokoso ka podula kaja kabweranso nditayamba kuchotsa phokoso pakati pa mavesi.

bass_yakuya

Sample rate, za 48 ndi 44.1 kHz zija, muichotse pa mndandanda wa okayikiridwa, mkulu wanga. FL imawerenga zomwe zalembedwa mu fayilo n'kuisintha yokha poimba, choncho 48 kHz mu pulojekiti ya 44.1 kHz imayenda pa liwiro loyenera. Vuto la sample rate likachitika silibisala. Fayilo ya 48 ikaimbidwa ngati ya 44.1 imachedwa ndi 8.1 peresenti n'kutsika ndi pafupifupi semitone imodzi ndi theka, moti 101.5 imasanduka 93.3. Ya 44.1 ikaimbidwa ngati ya 48 imathamanga ndi 8.8 peresenti n'kukwera chimodzimodzi. Mukanazindikira pa bar yachiwiri. Zimenezi zimakonda kuoneka mu Cubase munthu akakana kuti fayilo isinthidwe polowetsa, kapena sound card ikakhala pa sample rate ina pulogalamu ili pa ina.

Kuchedwa kofanana nyimbo yonse kuli ndi magwero angapo. Loyamba ndi MP3 yeniyeniyo. Popanga MP3, pamawonjezeka kachete kakang'ono koyambirira. Ndi LAME, pulogalamu yopangira ma MP3, nthawi zambiri ndi ma sample 1105, omwe pa 44.1 kHz ndi ms 25. Mapulogalamu ena amakachotsa potsegula fayilo, ena amakasiya. Ngati pulogalamu ya kusitudiyo ija inakasiya yanu n'kukachotsa, mawu ndi MP3 asemphana ndi ms 25 ngakhale muwayambitse pamodzi. Lachiwiri ndi latency ya pojambula: buffer ya ma sample 512 pa 48 kHz ndi ms 10.7 mbali imodzi, ndipo dalaivala wa sound card akapanda kunena zoona za kuchedwa kwake, mawu amalembedwa mochedwa. Lachitatu lili kwanu: ma plugin ngati okonza kiyi, EQ ya linear phase ndi limiter yoyang'ana kutsogolo amachedwetsa mzere womwe ali. Zimitsani ma effect onse pa mizere ya mawu mumvetsere. Kuchedwa kukatha, pitani pa menyu ya Mixer, Plugin delay compensation, muone kuti Automatic ndi yoyaka.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa mpatawo musadalire khutu lokha. Tengani kope la lead, mupeze pomwe woyimba wakhala chete biti ikuimba, mukweze gawolo kwambiri mu Edison. Nthawi zambiri muona tizizindikiro ta sineya kapena hi-hat tomwe tinadontha m'mahedifoni kulowa mu maikolofoni. Fanizirani timeneti ndi sineya ya mu MP3. Mpata wa pakati pake ndiwo musunthire mafayilo asanu onse, pamodzi, kamodzi.

Ngati kudonthako kulibe, yang'anani mawu enieni, koma musayike poyambira mafunde pamzere wa bar. Woyimba amagwetsa lembo la liwu pa kugunda, a, e, i, o, u, ndipo zomwe zili patsogolo pake zimabwera kugundako kusanafike. M'Chichewa zimenezi n'zazikulu chifukwa cha maphatikizo ngati ndi, mba, nkha, nsi ndi mphu. Kam'mphuno koyambirira kaja kamatenga nthawi yake. Mukayika n ya "ndi" pamzere, i yake igwa mochedwa, mzere wonse umveka wolemera. Gwiritsani ntchito mawu oyamba ndi p, t kapena k, omwe mutu wake ndi waufupi ndipo umaoneka bwino pa mafunde.

Kudumpha timasitepe kuja ndi PPQ. FL imagawa kugunda kumodzi m'timagawo, ndipo pulojekiti yatsopano imayamba ndi 96. Pa 105, kugunda kumodzi ndi ms 571, ndiye kagawo kamodzi ndi pafupifupi ms 6. Clip singaime pakati pa timagawo tiwiri ngakhale mugwire Alt. Pitani ku Options, Project general settings, mukweze Timebase kufika 384, kagawo katsika kufika ms 1.5. Pa 960 ndi ms 0.6, koma kompyuta imalemedwako, ndipo pa mawu 384 ndi yokwanira.

Za kaphokoso, mwachita bwino kunena kuti kakutuluka mu export. Kakanakhala kobwera mwa apo ndi apo, malo osiyanasiyana, mu export mulibe, ikanakhala buffer yochepa, ndipo mukanaona nambala ya underruns ikukwera mu Audio settings. Kanuko ndi ka podula. Mafunde a mawu amakwera ndi kutsika kuzungulira mzere wa ziro. Mukadula fundelo lili pamwamba, sipika imalamulidwa kuchoka pamwambapo kugwera pa ziro nthawi imodzi, ndipo kugwako ndiko "tche" mukumvayo. Yatsani Z-cross, ili pafupi ndi Stretch pakona ya kumanzere ya Playlist, kuti mpeni uzifuna pomwe funde likudutsa pa ziro. Pa mafayilo a stereo siithandiza nthawi zonse, poti kumanzere ndi kumanja sizidutsa pa ziro pamodzi. N'chifukwa chake fade ndiyo yodalirika. Mu FL 21 clip iliyonse ili ndi tizogwirira ta fade m'makona, ikani ms 5 mpaka 10 koyamba ndi kumapeto kwa chidutswa chilichonse. Kwa omwe ali ndi FL 20, mu Channel settings muli Declicking mode, muichotse pa Out only muiyike pa Generic kapena Smooth. Pa ng'oma zokha ndi pomwe musiye Transient, kuti mutu wa kiki usafewe.

Dulani pomwe pali chete weniweni, mpweya usanayambe, osati pakati pa mpweya. Mpweya wa lead musauchotse wonse, ingoutsitsani. Wa ma double ndi ma backing ndiwo muchotse, chifukwa mipweya isanu ikakumana imamveka ngati mphepo.

mkulu_wa_mix

Za PPQ ndikuvomereza, ndingowonjezera kuti mukaikweza musadzaitsitsenso pa pulojekiti yomweyi, chifukwa zonse munaziyika pakati zidzakankhidwira pa kagawo kapafupi, ntchito ya kusuntha ija n'kuwonongeka.

Pa nkhani yofaniza ndi MP3 ndisiyana pang'ono ndi achimwene a bass. Kudontha kwa m'mahedifoni kukubwezerani mawu pomwe woyimba anawayika pa biti yakale, ndipo n'koyenera kuyambira pamenepo. Koma biti yanu ndi ina. Ngati sineya ya biti yakale inkagwa mochedwerako pang'ono, kapena hi-hat inali ndi swing, woyimba anatsamira pa zimenezo, ndipo pa ng'oma zanu zoongoka amveka wochedwa ngakhale manambala onse akhale olondola. Imbani MP3 ndi ng'oma zanu pamodzi kwa ma bar anayi. Kiki zikamagwirizana koma sineya kapena hi-hat zikumveka pawiri, konzani ng'oma zanu zitsatire kayendedwe ka biti yakale, mawu muwasiye. Mawu amodziamodzi omwe atsalabe, atsegulireni mu NewTime, plugin yosunthira nthawi ya mawu yomwe muli nayo kale mu Producer Edition, musunthe chizindikiro cha liwu lokhalo. Mukasuntha la lead, musunthenso la ma double pamalo omwewo. NewTime yomweyo ndiyo imathandiza pa kwaya kapena bandi yojambulidwa popanda metronome, ngakhale pamenepo nthawi zambiri n'kwabwino kuti tempo ya pulojekiti itsatire oyimba kusiyana ndi kuwaongola onse.

Zikakhazikika, sankhani mzere uliwonse wa mawu muchite Consolidate kuti ukhale fayilo imodzi yatsopano ya pa 105, kenako muone kuti Time yake ili pa none musanayambe mix. Mukatero palibenso restretch yomwe ingakusokonezeni.

Ulendo wina mukamalandira ntchito ya situdiyo ina, pemphani izi musanayambe: mafayilo onse akhale WAV ya 24-bit, ouma, otulutsidwa kuchokera poyambira pamodzi ndi otalika mofanana ngakhale mwina mukhale chete wautali, tempo ilembedwe pa dzina la fayilo mpaka pa kadontho, ndipo biti yomwe woyimba ankamva itulutsidwenso ngati WAV kuchokera mu session yomweyo, osati MP3 yoyambirira. Imeneyo ndiyo imathetsa nkhani ya ms 25 ija, poti biti ndi mawu zimadutsa khomo limodzi. Akamatumiza pa WhatsApp, aziika mu zip n'kutumiza ngati Document kuti mafayilo afike osakhudzidwa.

Inunso potulutsa ma stem anu mu FL, mzere uliwonse mu fayilo yakeyake, yang'anani kabokosi ka Save tempo information. Kakakhala koyaka, tempo imalembedwa mkati mwa WAV, ndipo wolandirayo akailowetsa mu FL yomwe Read sample tempo information ili yoyaka mu General settings, pulojekiti yake ili pa tempo ina, fayiloyo imakokedwa yokha iye osadziwa. Pa ma stem a nyimbo yathunthu kazimitseni, 105 muilembe pa dzina la fayilo.